Funsani Amalume: CD yomwe inabwera ndi Sienta ya ku Japan

Sabata ino mafunso anayi omwe ndasankha akuzungulira nkhani imodzi, nyimbo za punk rock za ku Japan ndi mmene anthu amajambulira chimbale choyamba, nde ndawaika pamodzi. Ena amene munafunsa za kugula kiyibodi ya kaunjika dikirani sabata yamawa.

FUNSO: Amalume moni. Ine ndimayendetsa Sienta yonyamula anthu kuchoka ku Area 25 kupita mtauni. Galimotoyi inachokera ku Japan kudzera pa Dar ndi Songwe, nde muwailesi yake ndinapezamo CD yomwe mwini wake wakale anaiwala. Zolemba zonse ndi za Chijapani, chomwe ndawerenga ndi THE BLUE HEARTS ndi 1987 basi. Nyimbo zake ndi zothamanga, zaphokoso, woyimbayo amachita kukuwa, sindikumvapo ngakhale liwu limodzi koma ndikaika mtima wanga umachita kudzuka. Mapasenjala ena amati ndizimitse, ena amafunsa kuti ndi ndani. Kodi anthuwa ndi ndani, ndipo anajambula bwanji kuti zizimveka ngati akuyimbira mmbali mwako momwemo? Dalaivala, Area 25.

YANKHO: Achimwene, musataye CD imeneyo, mwatola chinthu chabwino. Magalimoto ambiri akale a ku Japan amabwera ndi wailesi yomwe FM yake imayambira pa 76 nkuthera pa 90, nchifukwa chake mawailesi ambiri akuno simuwagwira mpaka mutaikitsa kachipangizo kowonjezera, ndipo nchifukwa chakenso madalaivala ambiri amangomvera chomwe achipeza mkatimo. Inu mwachita mwayi.

The Blue Hearts inali bandi ya anyamata anayi, inayamba ku Tokyo mu 1985. Woyimba uja mukuti amakuwayo ndi Hiroto Kōmoto, wochokera ku Okayama, pa gitala panali Masatoshi Mashima, pa bezi Junnosuke Kawaguchi ndipo pa madiramu Tetsuya Kajiwara. Kawaguchi poyamba sanali woyimba mubandimo, anali manijala wawo, wa bezi atachoka nde iye anangonyamula chidacho nkukhazikika. Kajiwara naye anabwera mochedwerapo, mu 1986. Ngati pa CD yanuyo pali nyimbo 12 ndipo yomaliza ndi Linda Linda, ndiye kuti muli ndi chimbale chawo choyamba chenicheni, chomwe dzina lake ndi la bandi lomwelo, chinatuluka mu May 1987 pansi pa kampani ya Meldac. Koma ngati si imeneyo ndiye chingakhale chachiwiri, Young and Pretty, chifukwa anatulutsa zimbale ziwiri chaka chimodzi chomwecho, chachiwiricho mu November.

Tsopano funso lanu lenileni, loti anajambula bwanji. Yankho lake silikuyambira mu situdiyo, likuyambira zaka ziwiri mmbuyo. Ku Japan kuli timalo ting'onoting'ono toyimbirako tomwe amatitchula kuti live house, tambiri tili pansi pa nyumba, siteji yake yaing'ono, anthu amaima mothithikana mphuno ndi mphuno ndi woyimba. Shinjuku Loft ndi amodzi mwa malo otchuka otere ku Tokyo ndipo anyamatawa anadutsamo. Malo amenewa kwa bandi yatsopano ndi owawa, chifukwa ambiri amakupatsa matikiti oti ugulitse wekha, ukalephera kumaliza umalipira kuchokera mthumba mwako, nde bandi yomwe anthu sakuifuna imafa msanga, yomwe yapulumuka imakhala yoti yaphunzira kugwira anthu pakhosi kuyambira sekondi yoyamba. The Blue Hearts anayimba mmalo otere kuyambira 1985 mpaka 1987, nyimbo zomwezo mobwerezabwereza, nkumaona ndi maso kuti apa anthu alumpha, apa ayang'ana kumbali. Pofika February 1987 anatulutsa okha kachimbale kakang'ono popanda kampani yaikulu, kenako Meldac inawatenga, pa 1 May inatulutsa Linda Linda payokha, patangopita masabata atatu chimbale chonse chinatuluka.

Mukuona pamenepo? Polowa mu situdiyo sanapite kukapeka nyimbo, anapita ndi nyimbo zakupsa kale. Pulodyusa wawo anali Takeshi Asada, yemwe naye anali woyimba bezi mu bandi ya Sheena & the Rokkets, munthu wodziwa mmene bandi imamvekera pa siteji, osati wongokhala pa mpando. Ndipo mukamvetsera bwino mupeza kuti muchimbalemo mulibe zokongoletsa zambiri, muli gitala, bezi, madiramu, mawu a Kōmoto ndi anzakewo kumuyankha pa kolasi, basi. Nyimbo zambiri sizifika mphindi zinayi, zonse 12 zimatha mu theka la ola ndi mphindi zochepa, mwina musanafike nkomwe pa depoti ngati pa Area 18 pali mzere. Chomwe chikukupangitsani kumva ngati ali mmbali mwanu ndi chakuti mawu a munthuyo sanawabise kumbuyo kwa zida, ali kutsogolo, osapaka mafuta, akapuma mukumva, mawu akasasa mukumva. Ine pamenepa mpomwe ndimachikondera chimbalechi, anamusiya munthu amveke ngati munthu.

Nyimbo ankapeka awiri, Kōmoto ndi Mashima, aliyense zake, ndipo onse ankalemba Chijapani chosavuta choti mwana wa sukulu amve nkuyimba nawo tsiku lomwelo. Makodi a gitala atatu anayi basi. Linda Linda ija imayamba pang'onopang'ono, mawu okhaokha pafupifupi, kenako nkuphulika, ndipo yomwe ili pa chimbale inajambulidwa mosiyana ndi yomwe inatuluka payokha ija, nde ukamva zonse ziwiri umadziwa kuti nyimbo imodzi ikhoza kuvala zovala ziwiri malingana ndi amene wakhala pa mikisa.

Koma musaganize kuti kulowa mu kampani yaikulu kunali kwaulere. Mu nyimbo yachiwiri ya chimbalecho muli liwu limodzi lomwe mawailesi a ku Japan salilola, nde pamalopo anakweza gitala kuti aliphimbe. Ndipo mu 1988 atapeka nyimbo yotchedwa Chernobyl, yokamba za ngozi ya nyukiliya ya mu 1986, sinatulukire ku Meldac, anaitulutsa paokha, poti kampaniyo inali pa ubale ndi Mitsubishi Electric yomwe imachita nawo bizinesi ya magetsi a nyukiliya. Bandiyi inatha mu 1995, Kōmoto ndi Mashima anapitiriza limodzi mu The High-Lows kenako The Cro-Magnons kuyambira 2006. Mu 2007 magazini ya Rolling Stone ya ku Japan itasanja zimbale 100 zopambana za rock ya dzikolo, chomwe chili mu Sienta yanucho chinakhala pa nambala 3. Mapasenjala akafunsanso muwauze zimenezo, koma agogo akakwera tsitsani voliyumu.

FUNSO: Amalume, tilipo anayi kuno ku Kawale, timayimba rock, zida timabwereka kutchalitchi pakati pa sabata. Tili ndi nyimbo 9 zathuzathu. Tazungulira masitudiyo angapo, onse akuti madiramu enieni ndi ovuta, atipangire biti pa kompyuta ife tizingoikapo gitala ndi mawu. Tinayesa nyimbo imodzi koma sikumveka ngati ife. Ndalama tili nazo zochepa. Tichite bwanji? Komanso mnzathu wina akuti tiziyimba Chingerezi ngati tikufuna kupita patali. Woyimba gitala, Kawale.

YANKHO: Mphwanga, khutu lako silikunama. Siikumveka ngati inu chifukwa munthu mmodzi mwa anayinu mwamusiya panja, ndipo ndi amene amayendetsa bandi. Biti ya pa kompyuta ilibe vuto pa nyimbo zomwe zinabadwira pa kompyuta, achinyamata ambiri mu Lilongwe muno akuchita nazo zodabwitsa, koma rock imakhala pa kukankhana kwa anthu, wa madiramu akathamanga pang'ono pa kolasi wa bezi amamutsatira, gitala nkulusa, woyimba nkukwera, zimenezo kompyuta siidziwa chifukwa iyo imayenda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Ndisanakuuze za situdiyo ndikufunse kaye, nyimbo 9 zimenezo mwaziyimbapo kangati pamaso pa anthu osakudziwani? Osati abale ndi akwaya, ndikunena anthu oti akhoza kutembenuka nkumapita. Werenganso zomwe ndawayankha adalaivala pamwambapa. Nsima siphikira pa mbale, imaphikira pa moto, mbale ndi yongoperekera, situdiyonso ndi choncho. Pezani pomwe mungayimbe, pa ukwati wa mnzanu, pa sukulu tsiku la zisangalalo, pa malo omwera zakumwa Lachisanu, kulikonse, ndipo wina azijambula pa foni. Mukamvera mawa lake mudzaona nokha kuti pa 9 paja zamoyo ndi zingati. Zikatsala 6 jambulani 6, palibe lamulo loti chimbale choyamba chikhale chachitali.

Kenako musakasake situdiyo yokongola, sakani munthu. Funsani amene amagwira zokuzira mawu mmatchalitchi akuluakulu ndi mmashoo a bandi, amenewo madiramu enieni amawaikira maiki sabata iliyonse, sawaopa. Chofunika ndi kachipangizo kolowetsa mawu mu kompyuta kokhala ndi malo a maiki 8, kuti onse mujambule nthawi imodzi aliyense pa mzere wake. Madiramu atha kumveka bwino ndi maiki anayi okha, imodzi pa ng'oma yaikulu ya phazi, ina pa sineya, awiri pamwamba. Bezi ilowe mwachindunji ndi waya. Ampu ya gitala muiike chipinda china kapena muitembenuzire kukhoma nkuitchinga ndi matiresi kuti isalowerere mmaiki a madiramu. Chipinda cha makoma opanda kanthu ndi malata chimabweza mawu moipa, nde pachikani mabulangete, yalani kapeti kapena mphasa, ndipo nyengo ya mvula pansi pa malata musayese nkomwe. Ngati mukugwiritsa jenereta ikhale kutali ndi waya wautali, ndipo wojambulayo azisunga ntchito nyimbo iliyonse ikatha, magetsi akathima pakati musalire.

Woyimba aziyimba nawo pamene zida zikujambulidwa kuti anzake adziwe pomwe ali, mawu enieni adzaike pambuyo, koma mawu oyambawo musawafute, nthawi zina ndi amene amakhala ndi moto. Nyimbo iliyonse muiyimbe katatu, musankhe yomwe yakugwirani mtima osati yomwe ilibe cholakwa. Zingwe za gitala zikhale zatsopano koma muziike dzulo lake kuti zikhazikike, ndipo muzichuna nyimbo iliyonse isanayambe, ichi chokha chimapulumutsa zimbale zambiri. Ndalama zochepazo zigaweni, musathere zonse pa kujambula nkusowa ya mikisi, poti mikisi ndi imene imasankha kuti mawu akhale kutsogolo kapena amire.

Za Chingerezi, mnzakoyo sakulakwa kotheratu, ndipo ku Japan komweko kuli chitsanzo chake. Bandi ya Hi-Standard, anyamata atatu omwe anayamba mu 1991, Akihiro Namba, Ken Yokoyama ndi Akira Tsuneoka, ankayimba Chingerezi. Chimbale chawo cha Growing Up cha mu 1995 anakajambulira ku San Francisco ndi Fat Mike wa bandi ya NOFX komanso Ryan Greene, ndipo chinatulukanso ku America pansi pa Fat Wreck Chords. Chimamveka mosiyana kwambiri ndi cha The Blue Hearts, ndi chothamanga zedi, cholimba, chilichonse pamalo pake. Zinawayendera, mpaka mu 1999 anatulutsa Making the Road pansi pa kampani yawoyawo ya Pizza of Death. Nde njira zonse ziwiri zilipo. Koma ine maganizo anga ndi awa, iwe ukakwiya umakwiya mchilankhulo chanji? Ukamadandaula za lendi, za ntchito yosowa, za mtsikana wakukana, umadandaula mchiyani? Punk ndi nyimbo yokuwa zomwe zili pamtima, ndipo munthu sukuwa bwino mchilankhulo chomwe ukuyamba waganiza kaye galamala. Taona a Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, anthu awiri omwe anayimba mmisewu ya Lilongwe yomweyi zaka ndi zaka ndi babatoni wopanga okha, gitala ndi ng'oma yoponda ndi chidendene, lero amayimba mmaiko a ku Ulaya ndipo sanasinthe chilankhulo. Adalaivala a ku 25 aja sakumva Chijapani koma CD sakuichotsa. Imbani Chichewa, cha ku Kawale chomwecho chomwe mumayankhula pa shopu.

FUNSO: Amalume, ine ndine mayi wa ana atatu. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3, wayamba kumvera nyimbo zaphokoso za ku Japan pa YouTube ndipo akuti akufuna kuphunzira madiramu. Mapoto anga onse aphwanyika mmbali. Anthu akundiuza kuti nyimbo zimenezi ndi za anyamata osokonekera mitu. Ndimuletse? Mayi wodandaula, Likuni.

YANKHO: Mayi, nkhawa yanu ndaimva ndipo sindikunamizani kuti mu punk monse muli zoyera. Ku Japan komweko kunali bandi ya The Stalin ya Michiro Endo yomwe inayamba mu 1980, inkaponyera anthu mitu ya nkhumba ndi zamkati pa shoo, zimenezo inenso sindingafune mwana wanga akaone. Koma dzina limodzi lomweli likuphimba anthu osiyana kwambiri.

Mufunseni mwanayo ngati akuidziwa Shonen Knife. Ndi bandi ya atsikana atatu yomwe inayamba ku Osaka mu 1981, Naoko Yamano pa gitala, mng'ono wake Atsuko pa madiramu ndi mnzawo Michie Nakatani pa bezi. Masana ankagwira ntchito wamba ngati wina aliyense, kuyimba kunali kwa madzulo ndi kumapeto a sabata. Zojambula zawo zoyamba mu 1982 zinali pa kaseti yomwe anakonza okha, makope ochepa kwambiri, kenako mu 1983 anatulutsa chimbale cha Burning Farm ku kampani yaing'ono ya Zero Records. Mukachimvera mumamva kuti ndi anthu oti akuphunzirabe zida, koma chisangalalo chake nchosabisika, ndipo nyimbo zawo zambiri zimakamba za zakudya ndi nyama, mulibe zolaula. Atsuko wa madiramu uja ndi amenenso ankasoka zovala za bandi. Kaseti ya chimbalecho inatulukanso ku America mu 1985 kudzera ku K Records, ndipo mu 1991 Kurt Cobain wa Nirvana, yemwe ankawakonda kwambiri, anawatenga kuti azitsegulira mashoo a bandi yake ku Britain. Naoko akuyimbabe mpaka pano.

Nde musamuletse mayi, mukhale naye pansi akuonetseni zomwe akumvera, muone ndi maso anu. Madiramu ndi chida chofuna mwambo, manja awiri ndi miyendo iwiri chilichonse chikuchita zake koma nthawi imodzi, mwana wosokonekera mutu sangazikwanitse. Mupite naye kwa amene amayang'anira zoyimbira kutchalitchi kwanu mukapemphe kuti aziphunzira masana pamalo oti mukuwadziwa, mugwirizane kuti sukulu ikatsika timitengo mukusunga ndinu. Kunyumba mugulireni timitengo tiwiri aziyeserera pa pilo kapena pa chidutswa cha tayala lakale, mapoto apume. Atsikana oyimba madiramu mMalawi muno ndi ochepa, akalimbikira sadzasowa bandi.

FUNSO: Malume, nyimbo ina ya ku Japan yandisangalatsa, ndikufuna ndiike mawu a Chichewa pa chuni chomwecho ndiitulutse ngati yanga. Iwo ali kutali, angadziwe? Woyimba wachinyamata, Chinsapo.

YANKHO: Adziwa, mphwanga. Ukangoika pa YouTube kapena Facebook pali makina omwe amafananitsa nyimbo, ndipo eni ake akadandaula nyimbo imatsitsidwa kapena ndalama zake zimapita kwa iwo. Ku Japan kuli bungwe la JASRAC lomwe layang'anira umwini wa nyimbo kuyambira 1939 ndipo silichita masewera. Kusintha mawu a nyimbo ya wina kumafuna chilolezo cha mwini wake kapena kampani yomwe imasunga nyimbo zake, kungolemba dzina lake pansi sikukwanira. Ngati ukuifunadi, pita ku COSOMA, bungwe loyang'anira umwini wa nyimbo kuno kwathu, ku Lilongwe konkuno ndi dzina la nyimboyo, la woipeka ndi la kampani yomwe inatulutsa, akakuuze njira yopemphera. Koma makodi atatu aja alibe mwini, liwiro lilibe mwini, kuyamba mofatsa nkuphulika pa kolasi kulibe mwini. Tenga zimenezo, chuni upeke chako, ndipo ukamaliza ukalembetse ku COSOMA komweko isanatuluke.

Mafunso a sabata yamawa atifike pofika Lachitatu, mulembe dera lomwe mukukhala.